Alendo a kuyunivesite akapita, m'munda mwatsala chiyani?

Si zachilendo kuona anthu onyamula mabuku ndi zolembera akuyenda m'minda ya ku Nkando ndi madera ozungulira. Ena ndi ophunzira odzachita kafukufuku, ena ndi aphunzitsi awo odzakhazikitsa minda yachitsanzo. Izi n'zoyenera, pakuti sukulu ngati LUANAR ya ku Bunda ndi MUST ya ku Thyolo zimayendera ndalama za misonkho yathu, ndipo nzeru zawo siziyenera kuthera m'kalasi.

Koma paja mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Choncho alimi anzanga, phindu la ntchito zoterezi muziliyeza ndi zimene zatsala m'munda mwanu alendowo atapita. Kuchuluka kwa anthu pa tsiku la chionetsero sikudzaza nkhokwe.

Phindu limakhalapo ndithu. Nyemba za Kalima zinachokera ku Bunda. Ulimi wophatikiza nandolo ndi mtedza m'munda umodzi, womwe boma linauvomereza mu 2016, unayesedwa kwa zaka zambiri m'minda ya alimi ndi akatswiri a ku Bunda pamodzi ndi anzawo a ku Michigan State University ku America. Nandolo amakula pang'onopang'ono poyamba, motero mtedza umakhwima asanauphimbe, ndipo mbewu zonse ziwiri zimawonjezera chonde m'nthaka. Kuno ku Mulanje, komwe minda ndi yaing'ono, kukolola kawiri pamalo amodzi si nkhani yamasewera.

Nanga luso latsopano likafika m'mudzi mwanu, mulidziwa bwanji kuti ndi laphindu?

Poyamba, yesani pamalo pochepa. Dulani ndime ziwiri zoyandikana, iliyonse mamita 10 mulitali ndi 10 mulifupi. Ina limani monga akuuzirani alendowo, inayo monga mumalimira masiku onse. Bzalani tsiku limodzi. Mukakolola, umitsani bwino n'kuyeza pasikelo. Makilogalamu a ndime imodzi mukawachulukitsa ka 40 mupeza pafupifupi zokolola za pa ekala.

Kachiwiri, lembani zonse zimene zalowa: mbewu, feteleza, mankhwala ndi masiku a ntchito. Zimene mwapatsidwa ulere zilembeninso pa mtengo wa pamsika wa Nkando, chifukwa chaka chamawa mudzagula nokha. Musaiwale kufunsa amayi, pakuti nthawi zambiri ntchito yopalira ndi yomenya nandolo imagwera iwo. Luso lowonjezera matumba awiri koma lofuna aganyu a matumba atatu ndi ngongole.

Kachitatu, funsani komwe mbewuyo mudzaipeze pulojekiti ikatha. Kodi ogulitsa zipangizo zaulimi a kufupi ali nayo? Kodi mungathe kusunga n'kubzalanso? Nanga ogula adzailandira? Mayankho akasowa, lusolo lidzatha tsiku lomwe galimoto ya alendo idzasiye kubwera.

Kachinayi, musaweruze ndi chaka chimodzi. Tonse tikukumbukira zimene namondwe wa Freddy anachita kuno mu Malichi 2023. Luso lodalirika lioneke m'chaka cha mvula yambiri ndi m'chaka cha ng'amba chomwe.

Pomaliza, ofufuza akatenga dothi la m'munda mwanu kapena akakufunsani mafunso, agwirizane nanu tsiku lodzabweretsa zotsatira, m'Chichewa, pamaso pa gulu. Muli ndi ufulu wodziwa cholinga cha kafukufukuyo musanavomere. Adzere kwa amfumu, kwa mlangizi wa m'dera lanu ndi ku komiti ya zaulimi ya m'mudzi, kuti pakhale wowakumbutsa lonjezo.

Chizindikiro chachikulu ndi ichi: pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, werengani mabanja amene akutsatirabe lusolo ndi ndalama zawo, makamaka amene sanali m'pulojekiti koma anangoonera kwa anzawo. Chiwerengerocho mukachipereke kwa mlangizi. Chidzathandiza ofesi ya zaulimi ndi mayunivesite omwewo kudziwa ntchito yoyenera kuipitiriza ndi yofunika kuikonza mvula isanagwe.