Mbatatesi imodzi yaikulu siuza za munda wonse

Loweruka lililonse mpira ukatha pa wailesi, mkangano umayamba pamsika wa Ulónguè. Wina akuti Moçambola ya kuno ku Mozambique ndiye ligi yeniyeni, wina amene wangobwera kumene kuchokera ku Dedza kudzera pa Calómuè akuti Super League ya ku Malawi ilibe inzake. Popeza ndakhala zaka zambiri ndikulemba zotsatira za masewera m'makope ndi kuziwerengera, anthu amandiitana kuti ndiweruze. Ndikawauza kuti mndandanda wa mapointi sungathetse nkhaniyi, ena amakhumudwa.

Chifukwa chake n'chosavuta. Mu ligi iliyonse, timu ikapambana ndiye kuti inzake ya mu ligi yomweyo yagonja. Zigoli zonse zimene matimu amwetsa n'zofanana ndendende ndi zimene amwa. Kaya ndi ligi ya ku England kaya ya anyamata a ku Dómuè, masamuwo satembenuka. Mndandanda umangotiuza amene waposa anzake m'nyumba imodzi. Za nyumba ya aneba sunena kanthu.

Anthu ambiri amathamangira kwa akatswiri. Ife a ku Tete timanyadira UD Songo, ndipo m'pake: inatenga Moçambola mu 2017, 2018 ndi 2022, mu ligi imene kwa zaka zambiri inali ngati munda wa matimu a ku Maputo. Koma mlimi aliyense wa kuno ku Angónia akudziwa kuti wogula wanzeru sayang'ana mbatatesi yaikulu imene yaikidwa pamwamba pa chidebe. Amapisa dzanja mpaka pakati. Inenso ndikafuna kudziwa mphamvu za ligi, ndimayang'ana timu ya nambala 7 kapena 8. Kodi akatswiri akapita pabwalo lake amatuluka thukuta? Ngati timu imodzi ikupambana masewera onse mosavutikira, mwina ndi yamphamvu zedi, mwinanso anzake ndi ofooka. Nambala zokha sizisiyanitsa ziwirizi.

Ku America nkhaniyi imawawitsa mitu koposa. Mpira wao wogwira ndi manja wa m'makoleji uli ndi matimu oposa 130 pa mlingo wapamwamba, ogawidwa m'magulu monga SEC ndi Big Ten, ndipo timu iliyonse imasewera masewera 12 okha kapena kuposerapo pang'ono. Sangakumane onse. Choncho komiti imakhala pansi n'kusankha oyenera kulimbirana chikho. Mu 2023 Florida State inapambana masewera ake onse 13, koma inasiyidwa kunja, malo n'kupatsidwa Alabama imene inali itagonjapo kamodzi. Komitiyo inaona amene timu iliyonse inakumana nao, komanso kuti wosewera wodalirika wa Florida State anali atavulala. Anthu anakwiya, ndipo ndikuwamvetsa, koma funso limene komitiyo inafunsa ndi lomwe inenso ndimafunsa: wagonjetsa yani?

Umboni weniweni umapezeka pamene matimu a maligi osiyana akumana. Kwa ife malo ake ndi mipikisano ya CAF, bungwe loyendetsa mpira mu Africa. Bungweli limawerengera dziko lililonse mapointi a zaka zisanu, kuyambira pa ndime ya magulu kupita m'tsogolo, ndipo zaka zaposachedwa zimalemera kuposa zakale. Maiko 12 apamwamba amaloledwa kutumiza matimu awiri mu mpikisano uliwonse. Pa muyeso umenewu Mozambique ili ndi chonena: Ferroviário da Beira inafika mu makotafainolo a Champions League mu 2017, ndipo UD Songo inalowa m'magulu a Confederation Cup mu 2018. A ku Malawi amakumbukira Bullets ya 2004 imene inafika m'magulu a Champions League.

Koma apa ndi pamene ntchito yanga imafuna kuleza mtima. Chaka chimene Ferroviário da Beira inapita patali chija, inali m'gulu limodzi ndi Al-Hilal ndi Al-Merrikh a ku Sudan, ndipo matimu awiriwa sanathe kusewera masewera ao omaliza a m'gululo FIFA itaimitsa dziko lao. Sindikuchepetsa zimene anyamata a ku Beira anachita, anasewera mpira wooneka. Ndikungoti chotsatira chimodzi chimabwera ndi mbiri yake, ndipo woweruza amene sakuidziwa amanamiza anthu mosafuna. Masewera odutsa malire ndi ochepa kwambiri moti chigoli chimodzi cha mwayi chingasinthe mbiri ya dziko lonse kwa zaka.

Ena amati tiyang'ane Mambas ndi Flames, matimu oimira maiko awiriwa. Mu 2021, pa masewera olimbirana malo ku World Cup, Malawi inapambana 1-0, kenako Mozambique inabwezera 1-0. Ngakhale wina akanapambana onse awiri, sizikanatiuza zambiri, chifukwa nsanamira za matimu a dziko nthawi zambiri zimasewera kunja.

Chizindikiro chimene ndimachikhulupirira kwambiri ndi mapazi a osewera. John Banda anachoka ku Malawi n'kudzasewera kuno mpaka kuvala yunifomu ya UD Songo. Richard Mbulu anasewerapo ku Costa do Sol. Wosewera amapita kumene kuli malipiro abwino, ndipo kumene kwasonkhana aluso mpira umakwera. Komabe ndalamazo zili m'matimu ochepa amene ali ndi makampani kumbuyo kwao, choncho chizindikirochi chimanena za pamwamba pa chidebe kuposa pakati.

Pali china chimene sindichiiwala polemba m'kope langa: masewerawo anachitikira kuti. Mnyamata wokulira m'chisanu cha Tsangano mukamutsitsira mumzinda wa Tete mu Okutobala, kutentha kutapyola madigiri 40, miyendo imalemera theka loyamba lisanathe. Timu ya Moçambola imayenda maulendo aatali kuposa ya ku Malawi, kumene basi imakufikitsa pafupifupi pabwalo lililonse tsiku lomwelo. Kupambana koyenda ndimakupatsa mtengo woposa kwa pakhomo.

Njira yoona matimu a maligi osiyana akakumana imagwiranso ntchito poyerekeza zigawo zathu za kumpoto, pakati ndi kumwera. Timu ikakwera kulowa Moçambola, ndimailemba dzina n'kudikira zaka ziwiri. Ngati matimu a chigawo china amangolowa n'kutuluka chaka chomwecho, pamene a chigawo china amakhazikika, ndiye kuti ndayamba kupeza yankho. Chaka chino ndatsegula tsamba latsopano, ndipo ndikudikira kuti mvula yoyamba ikamagwa ndione amene adzakhale atatsala.