Magemu oopsa alanda malo a nthano

Kale dzuwa likalowa m'midzi ya kwa T/A Nsamala ku Balaka, ana ankaunjikana pamoto kumvera agogo akusimba za afiti ndi zimphona. Lero ambiri akuunjikana pa foni imodzi, maso ali tong'o, mtima uli m'mwamba. Mantha ndi omwe aja, kungoti tsopano akuchokera m'magemu.

Magemuwa safuna liwiro ngati a mpira. Wosewera amangodina pachitseko, pakabati kapena pachithunzi, kufufuza njira yopulumukira. Ambiri ndi aafupi, ndipo ena amaseweredwa ngakhale bandulo itatha.

Yotchuka kwambiri ndi Five Nights at Freddy's, yomwe adapanga Scott Cawthon wa ku America mu 2014. Mmenemo iwe ndiwe mlonda wausiku pamalo odyera pomwe zidole zikuluzikulu zimayenda zokha. Kuthawa sungathe. Chako n'kuyang'ana makamera ndi kutseka zitseko, koma chilichonse chimadya magetsi, ndipo akatha isanakwane 6 koloko m'mawa, mdima uli bii, chidole chatulukira. Usiku umodzi sukwana mphindi khumi. Mwana amene adaona kuthimathima kwa magetsi mu 2022, namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira, manthawa amawamvetsa msanga.

Palinso Cube Escape, magemu omwe kampani ya Rusty Lake ya ku Amsterdam idayamba kutulutsa mwaulere mu 2015. Amenewa saopseza ndi phokoso koma ndi bata: chipinda chooneka bwinobwino, kenaka chithunzithunzi chakuda chaima pazenera.

Nanga n'chiyani chimawakoka anawa? Ndi mantha okhala ndi chotsekera. Mwana amadziwa kuti zikafika povuta athimitsa foni, chilombo n'kutha. Akapambana, amadzimva kuti wagonjetsa mdima ndi nzeru zake.

Komatu makolo sakuwaona mofanana. Ena akuti n'zausatana, ena akuti zimanola ubongo. Chomwe chimaiwalika n'chakuti agogo ankasimba akuyang'ana nkhope za adzukulu, ndipo wamng'ono akayamba kunjenjemera ankafewetsa nthanoyo. Foni ilibe maso otero. Ngakhale filimu ya Five Nights at Freddy's ya mu 2023, ku America adaichenjezera kuti siyoyenera kwenikweni ana osakwana zaka 13.

Mu 2017 mphekesera za anamapopa zidaphetsa anthu osalakwa ku Mulanje ndi maboma ena a kummwera. Choncho kuphunzitsa mwana kusiyanitsa zopeka ndi zenizeni si nkhani yocheza.

Kulanda foni n'kosavuta, koma mawa akaseweranso kwa mnzake. Bwanji osakhala naye pamphasa, mudine limodzi, mumufunse chomwe chamuopsa, ndipo foniyo izigona nthawi yogona isanakwane? M'mera mpoyamba. Ntchito ija ankagwira agogo pamoto ikudikirabe mwini wake.