Oyendera Malo a Nchito

Ku Chipera, m'distritu ya Maravia, anthu ambiri ndi alimi. Ena amalembedwa nchito m'masitolo. Ena amapita kunyanja ya Cahora Bassa kukagwira kapenta usiku m'mabwato a makampani. Kodi ndani amaona ngati anthu amenewa akulipidwa bwino?

Udindo umenewu ndi wa oyendera malo a nchito. Iwo ndi anchito a Boma, a ofesi ya Inspecção Geral do Trabalho. Mu 1977 dziko la Moçambique linavomera pangano la maiko la 1947 lonena kuti malo a nchito aziyenderedwa.

Woyendera akafika pamalo, amawerenga mabuku a malipiro ndi kuceza ndi anchito. Amaonanso ngati lamulo la nchito la 2023 likutsatidwa. Lamuloli limati nthawi ya nchito ndi maola 8 patsiku ndi maola 48 pasabata. Mwana wosakwana zaka 15 salembedwa nchito. Woyendera amafunsanso ngati ndalama zothandiza paukalamba zikufika ku INSS. Pa meticais 100 alionse a malipiro, wanchito amapereka 3 ndipo bwana amaonjezera 4.

Koma woyendera safika ku Chipera kawirikawiri. Ofesi yake ili kutali, mumzinda wa Tete. Oyendera ndi ocepa, pomwe migodi ya malasha ya ku Moatize imawafunanso. Nthawi zina galimoto ndi mafuta zimasowa. M'dzinja misewu imadzaza matope ndipo mitsinje imasefukira.

Akafika, vuto lina limamudikira. Anchito ambiri alibe pepala la mgwirizano, anangopangana pakamwa. Ena amaopa kulankhula pamaso pa bwana, kuti angacotsedwe nchito. Popanda pepala kapena mboni, mlandu umavuta.

N'cifukwa cake wanchito ayenera kudziwa lamulo. Apemphe pepala la mgwirizano, asunge mapepala a malipiro, alembe masiku amene wagwira nchito. Mwana wodziwa kulemba angathandize makolo ake kulemba masikuwo m'kope. Woyendera akadzafika, adzapeza poyambira.

Mafunso
1. Kodi woyendera amacita ciyani akafika pamalo a nchito?
2. Chulani zinthu ziwiri zomulepheretsa kufika ku Chipera.
3. Kodi wanchito ayenera kusunga ciyani?