Loboti ikasowa mpira uli pamaso pake

Mpikisano wa mpira wa maloboti wa RoboCup unayamba mu 1997 mumzinda wa Nagoya ku Japan. Posakhalitsa m'bwalo munalowa timaloboti tonga agalu ta kampani ya Sony, totchedwa AIBO, tikuthamangitsa mpira wa olenji pakapeti wobiriwira. Chimene chinkawapweteketsa mutu akatswiri koposa chinali magetsi a m'holo. Akafika pamalo atsopano, ankatha maola ambiri akujambula bwalo ndi kuphunzitsanso loboti mtundu uliwonse, chifukwa nyale zikangosiyana pang'ono ndi za kwawo, loboti inkaudutsa mpira ngati kulibe.

Gwero la vutoli ndi momwe kamera imasungira chithunzi. Kadontho kalikonse kamakhala ndi manambala atatu: kufiira, kubiriwira ndi buluu, njira yotchedwa RGB. Mthunzi ukagwera pampira, manambala onse atatu amatsika limodzi, ndipo kompyuta imayesa kuti yaona chinthu china. Munthu sapusitsika chotero. Tomato wa pamsika amamuona wofiira dzuwa lili paliwombo, amamuonanso wofiira madzulo pansi pa nyale.

Nzeru inali kulekanitsa kuwala ndi mtundu. Kamera ya AIBO inkagwiritsa ntchito YUV, njira yochokera ku wailesi ya kanema, momwe nambala imodzi imasunga kuwala ndipo ziwiri zimasunga mtundu. Palinso HSV, imene Alvy Ray Smith anaifotokoza mu 1978, ndi CIELAB ya mu 1976. Apa mthunzi umagwedeza kwambiri nambala ya kuwala, za mtundu n'kungosuntha pang'ono.

Komabe amene amati njirazi zimathetsa zonse amanena mopyola. Zimathandiza kuwala kukachepa kapena kuchuluka, koma nyale ikakhala yachikasu, mtundu weniweniwo umasuntha. Pamalo amdima kwambiri, nambala ya mtundu mu HSV imangodumphadumpha. N'chifukwa chake makamera amayamba aganizira mtundu wa nyaleyo, ena potengera mfundo ya Gershon Buchsbaum ya mu 1980 yakuti mitundu yonse ya m'chithunzi ikasakanizidwa iyenera kupereka mtundu wotuwa. Ikani kamera yotereyi pabwalo lobiriwira lokhalokha, iphonya.

Mu 2016 gawo la RoboCup la maloboti ena otchedwa Nao linasiya mpira wa olenji n'kutenga woyera ndi wakuda. Matimu anakakamizika kuphunzitsa maloboti kuzindikira mpirawo ndi kaumbidwe kake komanso madontho ake, kenaka ambiri anasamukira ku mapulogalamu ophunzira okha kuchokera pa zithunzi zambirimbiri zojambulidwa m'kuwala kosiyanasiyana.