Akakuuzani kuti mudikire panja: zochitika poika paipi yopumira

Ku chipatala cha boma aliyense amaima pamzere, koma alipo odwala omwe anamwino amawadutsitsa osafunsanso kuti anabwera nthawi yanji. Wagwa pa kabaza n'kumenyetsa mutu, wamwa tameki, wapsa kumaso nyumba itayaka, mwana wakomoka ndi malungo: oterewa amalowa kaye. Si kukondera ayi. Ndi dongosolo losankha odwala potengera kukula kwa vuto. La ana limatchedwa ETAT, linayesedwa pa Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo bungwe la WHO linalisindikiza mu 2005. Choyamba chomwe amayang'ana ndi njira ya mpweya, chifukwa ubongo ukasowa okosijeni kwa mphindi zochepa chabe umayamba kuwonongeka.

Wodwala akamalephera kupuma yekha, kapena atakomoka moti masanzi angalowe m'mapapo, pamafunika kulowetsa paipi kudzera pakamwa mpaka m'kholingo. M'Malawi muno ntchitoyi nthawi zambiri imagwiridwa ndi makiliniko ofisala ogonetsa anthu, omwe aja a ku fiyeta, popeza madotolo akuluakulu a ntchitoyi ndi owerengeka. Amayamba n'kumupatsa okosijeni kwa mphindi ngati 3, kachipangizo kopana chala kakuwerenga mpweya wa m'magazi, diripi ili kale pamkono. Kenako mankhwala awiri amatsatana, ndipo ndondomeko yake siisinthidwa.

Oyamba ndi ogonetsa. Kwathu kuno mfumu yake ndi ketamine, yemwe anapangidwa mu 1962 ku America. Amakondedwa chifukwa kawirikawiri sagwetsa BP, zomwe n'zofunika kwa munthu yemwe wataya magazi ambiri, komanso safuna filiji. Propofol, woyera ngati mkaka, ndi thiopental amagonetsanso msanga, koma amatsitsa BP. Mu 2015 dziko la China linapempha United Nations kuti ketamine aikidwe pa mndandanda wa mankhwala oyang'aniridwa mwamphamvu chifukwa ena amaledzera naye. Madotolo a m'maiko ambiri anakana, ndipo ine ndimati anakana bwino: zipatala zathu za m'maboma zikanavutika kwambiri.

Achiwiri ndi olefula minofu, kuti nsagwada ndi kholingo zisalimbane ndi paipi. Suxamethonium amagwira pasanathe mphindi imodzi, thupi limanjenjemera pang'ono kenako n'kungoti zii, ndipo mphamvu yake imatha pakati pa mphindi 5 ndi 10. Amasungidwa mu filiji. Rocuronium amachedwa kutha, amapitirira theka la ola. Mankhwala olefula minofuwa sagonetsa ndipo sachotsa ululu ngakhale pang'ono. Amangoletsa munthu kusuntha ndi kupuma. N'chifukwa chake ogonetsa amatsogola, ndipo paipi ikalowa amapitiriza ndi ena monga morphine kapena midazolam. Pambali pamakhala atropine wokweza mtima ukamagunda pang'onopang'ono, makamaka kwa ana, ndi adrenaline.

Apa ndi pomwe inu gadiyani muli ndi gawo, ngakhale mukuona ngati angokuthamangitsani. Asanatseke chitseko adzakufunsani mafunso mothamanga, ndipo yankho lanu ndi lomwe lisankhe botolo. Wadya liti? Mimba yodzaza nsima imachulukitsa ngozi ya masanzi. Anapsa liti, kapena wagona pamphasa osayenda kwa nthawi yaitali bwanji? Kwa munthu yemwe anapsa masiku angapo apitawo, wopuwala, kapena wa vuto la impso, suxamethonium atha kukweza potaziyamu m'magazi mpaka mtima kuima. Alipo m'banja yemwe anatentha thupi modabwitsa kapena kumwalira atagonetsedwa ku fiyeta? Vuto limenelo limayenda m'magazi a mtundu. Ndipo ngati wamwa tameki kapena mankhwala a m'munda, nenani, manyazi asakugwireni. Poizoni ameneyu amachititsa suxamethonium kukhalitsa m'thupi, komanso amafuna atropine wambiri. Bweretsani botolo lake ndi buku la kuchipatala. Za zitsamba nenaninso.

Nanga chilolezo? Wodwala akamazindikira, amayenera kufotokozeredwa ndi kuvomera yekha. Akakomoka ndipo moyo uli pachiswe, achipatala sadikira kuti amalume afike kuchokera kumudzi, amapulumutsa kaye. Koma ufulu wofunsa pambuyo pake mulinawo: amupatsa chiyani, chifukwa chiyani, akuyembekeza zotani. Mukaona kuti simunathandizidwe bwino, zipatala za boma zili ndi ofesi ya ombudsman wa pachipatala, ndipo nkhani za khalidwe la madotolo ndi makiliniko ofisala zimapita ku Medical Council of Malawi.

Chovuta kumva n'chakuti paipi payokha sichiza. Wina ayenera kumupumira, kaya makina a ku ICU kapena munthu wofinya thumba la mpweya ndi manja, ndipo mabedi a ICU ndi ochepa, ambiri ali m'zipatala zazikulu za ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Choncho ogonetsa amayamba aganiza komwe wodwala apite asanabaye jekeseni.

Mukaloledwa kulowa, mudzamupeza sakuyankhula, chifukwa paipi imadutsa pomwe pamatuluka mawu. Mwina manja adzakhala omangidwa mopepuka kuti asaizule akadzidzimuka. Musamumasule, ndipo musamudonthezere madzi kapena phala pakamwa, ngakhale milomo itaoneka youma, itanani namwino.