Opaleshoni ya ubongo yopanda mpeni: ndani angathandizike nayo?

Ndikamuuza wodwala kuti sikani yaonetsa chotupa m'mutu, funso lake loyamba limakhala lakuti, "Adokotala, ndiye mundiboola mutu?" Ena akatuluka m'chipindamo sabweranso. Masiku ano enanso amabwera atamva kale pa WhatsApp kuti kunja kuli makina ochiza ubongo osang'amba khungu. Makinawo alipodi, ndipo njirayi imatchedwa stereotactic radiosurgery.

Anaiyambitsa ndi dokotala wa ubongo wa ku Sweden, Lars Leksell, mu 1951, ndipo makina ake oyamba, a Gamma Knife, anayamba kuthandiza odwala ku Stockholm mu 1968. Makina a masiku ano amatulutsa timizere ta cheza 192 kuchokera ku cobalt-60. Kamzere kamodzi pakokha n'kofooka, kamadutsa mu ubongo osawononga kwenikweni, koma tonse timakakumana pamalo amodzi. Taonani tinjira topita ku mjigo: m'kanjira kalikonse udzu umamerabe, koma pamjigo penipeni, pomwe mapazi a mudzi wonse amathera, udzu sumera.

Wodwala wamkulu sagonetsedwa tulo. Madokotala amamubaya mankhwala a dzanzi n'kumumanga chitsulo kumutu, kapena kumuveka chigoba cha pulasitiki kumaso, kuti mutu usasunthe. Kenako dokotala wa ubongo, dokotala wa khansa ndi katswiri woyeza cheza amakhala pa kompyuta ndi zithunzi za MRI, kulemba malire a chotupacho mpaka pa milimita. Ntchito yaikulu ili pamenepa. Cheza chikamalowa munthu samva kalikonse, ndipo ambiri amabwerera kunyumba tsiku lomwelo.

Chimene mauthenga a pa foni aja sanena n'chakuti chotupa sichichoka tsiku limenelo. Chimasiya kukula, kenako n'kumafota pang'onopang'ono kwa miyezi kapena zaka. Mitsempha ya magazi yopiringizana, imene timaitcha AVM, imatenga zaka ziwiri kapena zitatu kuti itsekeke, ndipo panthawi yonseyo ikhoza kuphulikabe. Nthawi zina ubongo umatupa mozungulira pamalo othiridwa chezapo. Komanso njirayi imafuna chotupa chaching'ono, kawirikawiri chosapitirira masentimita atatu: khansa yofalikira ku ubongo kuchokera ku bere kapena ku mapapo, kachotupa ka pa mtsempha wa khutu, ndi zina zotero. Chotupa chachikulu chimene chikupanikiza ubongo chimafuna mpeni basi.

Apa ndi pomwe mtima wanga umapita ku Neno. Munthu wa ku Dambe kapena kwa Nsambe amene mutu wamusautsa amayamba ndi panado, mwina n'kudzera kwa asing'anga, asanafike pa chipatala cha boma ku Neno kapena ku Lisungwi. Sikani ya mutu imafuna ulendo wa ku Blantyre, ndipo amene anayendapo m'misewu ya kumapiri kuja nthawi ya dzinja akudziwa chimene ndikunena. Pofika ku chipatala cha Queens ku Blantyre, masentimita atatu aja amakhala atadutsidwa kale. Makina a Gamma Knife ali pa chipatala cha Milpark ku Johannesburg, ku India aliponso, ndipo kwathu kuno chithandizo cha cheza pa khansa chinayamba ku Blantyre mu 2024. Koma palibe makina amene angabweze miyezi imene inatayika.

Chinanso, si chotupa chilichonse cha pa sikani chimene chili khansa. Kuno kwathu timapeza TB ya mu ubongo, toxoplasmosis mwa anthu omwe HIV yawafooketsa chitetezo, ndi timatumba ta njoka ya m'mimba yochokera ku nkhumba, imene mazira ake amalowa m'thupi kudzera m'chakudya kapena madzi okhudzana ndi chimbudzi cha munthu. Zonsezi zimafuna mankhwala, osati cheza. Ndimada nkhawa ndikaona banja likugulitsa ng'ombe kuti lipeze ya ndege matenda asanadziwike bwino.

Zipatala za ku Neno, mothandizana ndi Abwenzi Pa Za Umoyo omwe akhala m'bomalo kuyambira 2007, zili ndi kiliniki ya matenda okhalitsa komwe amaonanso a khunyu. Khunyu loyamba munthu atakula kale, mutu wowawa kwambiri m'mamawa pamodzi ndi kusanza, khutu limodzi kugontha pang'onopang'ono, kapena dzanja ndi mwendo wa mbali imodzi kufooka: izi kanenani kumeneko sabata yomweyo, ndipo mufunse ngati pakufunika kalata yopitira ku sikani.