Wi-Fi ifika pati? Kuyeza kuyambe, kugula pambuyo

M'misika ina amalonda amasonkherana ndalama n'kugula rauta imodzi, kapena ka MiFi ka Airtel kapena TNM, kuti onse azitumizira makasitomala zithunzi za katundu pa WhatsApp. Nzeruyi imachepetsa ndalama za bandulo, koma mkangano umabuka wa benchi lakumapeto akaona kuti netiweki sikumufika, chonsecho anasonkha mofanana ndi anzake. Zoterezi zimapeweka ngati mtunda wayezedwa ndalama isanatuluke.

Mtunda umene umalembedwa pa katoni ndi wa pamtetete, popanda chotchinga. Pamalo otere rauta wamba imatha kufika mamita pafupifupi 100, koma m'nyumba kawirikawiri imathera pa 30 kapena 40. Ka MiFi, poti n'kakang'ono ndipo kamayendera batire, kamathera pa mamita 10 kapena kuposerapo pang'ono.

Choyezera chili m'thumba kale. Pa foni za Android pali mapulogalamu aulere amene amaonetsa mphamvu ya Wi-Fi ndi nambala yotchedwa dBm. Nambalayi imakhala ndi kamzere kutsogolo, ndipo ikamakula ndiye kuti mphamvu ikuchepa. Pa -50 netiweki ili bwino kwambiri, pa -67 munthu amaimbabe foni ya kanema, koma pofika -80 imayamba kudukaduka.

Lamulo lofunika kuliloweza ndi ili: popanda chotchinga, mtunda ukawirikiza kawiri, nambalayo imakwera ndi 6. Wamalonda akaima mamita 10 kuchokera pa rauta n'kupeza -55, adziwe kuti pa mamita 20 apeza -61, pa 40 apeza -67, ndipo pa 80 apeza -73. Motero kuyeza kamodzi pafupi kumamuuza za benchi lakutali. Kumene kulibe tepi yoyezera, masitepe aakulu a munthu wamkulu amayandikira mita imodzi.

Kenako awerengere zotchinga. Khoma limodzi la njerwa limatha kuwonjezera 6 kapena kuposa, zomwe zikufanana ndi kudula mtunda pakati. Malata ndi makontena ndiye amatseka pafupifupi kotheratu, choncho rauta yoikidwa m'kati mwa kontena imatumikira mwini wake yekha. Madzi nawonso amamwa mafunde a Wi-Fi, ndipo thupi la munthu n'lodzaza madzi. N'chifukwa chake netiweki imene imafika bwino m'mamawa imafooka msika ukadzaza.

Marauta ambiri ali ndi njira ziwiri, 2.4 GHz ndi 5 GHz. Ya 5 GHz imathamanga, koma imafooka msanga ikakumana ndi khoma. Ya 2.4 GHz ndi imene imafika patali, ndiye oyeza benchi lakumapeto agwiritse ntchito imeneyo.

Wogulitsa akamatamanda rauta kuti ndi yamphamvu, wogula akumbukire kuti foni nayo iyenera kuyankha. Rauta ikhoza kufuula mpaka kuseri kwa msika, koma foni ili ndi kamlongoti kakang'ono ndipo yankho lake silingabwerere. Apo timizere timaoneka pa foni koma chithunzi osapita.

Chimene chimathandiza popanda kulipira ndi kukweza rauta. Ikhale pamwamba kuposa mitu ya anthu, pakati pa onse osonkha, pamalo poti aliyense akaima pa benchi lake aziiona, koma potetezeka ku mvula.

Asanasonkhe, amalonda abwereke rauta ya mtundu womwewo kapena apangane ndi wogulitsa kuti akaiyese kaye. Kuyesako kuchitike tsiku la msika, anthu atachuluka, ndipo aliyense alembe nambala ya pa benchi lake. Amene yake yafika -75 kapena kuposa, ndi bwino asalowe nawo m'gululo mpaka rauta itapezeredwa malo ena.